Mphaka uja tinamupeza

Mwezi watha ndinafunsa kuti ndi mtundu uti wa mphaka umene ungayenere banja lathu, popeza nyumba yathu ndi yaing'ono, tili ndi ana awiri, ndipo masana pakhomo sipakhala munthu. Ambiri munatchula Persian chifukwa cha kufatsa kwake, koma nditamva kuti ubweya wake ukapanda kupesedwa tsiku lililonse umapotana n'kumanga mfundo, ndinavomereza kuti sindingakwanitse. Siamese tinamusiyanso, chifukwa amalira kwambiri ndipo sakondwa kusiyidwa yekha.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi mwana wathu wamkulu, amene amayetsemula akayandikira amphaka ena. Ndinkayesa kuti Sphynx, wopanda ubweya uja, ndiye atithandiza, koma dokotala wa ziweto anandiuza kuti chimene chimayetsemulitsa ndi puloteni ya Fel d 1 yopezeka m'malovu ndi pakhungu, choncho ngakhale Sphynx ali nayo.

Tinatenga British Shorthair wa zaka 2, titapita ndi mwanayo katatu kukamuona n'kupeza kuti sakuvutika. Mphakayu amaswera pawindo, ndipo ana akamunyamula amangodzimasula mwakachetechete osawakanda. Chakudya chokha ndiye timamuyezera, pakuti mtunduwu suchedwa kunenepa.