Mwana akufuna kuvala kilt pa graduweshoni ya Fomu 4, ahedi akuti ndi siketi, nditani?

Nachisale_KU

Abale ndithandizeni maganizo kunyumba kuno kwavuta. Ndimasunga mwana wa achemwali anga pa Kasungu boma pano, ali Fomu 4 pa sukulu ina ya pulaiveti, dzina sinditchula. Graduweshoni yawo ili mwezi wamawa asanayambe mayeso a MSCE ndiye kalata yomwe anabwera nayo ikuti anyamata suti ndi tayi, atsikana diresi lopitirira maondo. Tsono malume ake, mlongo wathu, amagwira ntchito ku Glasgow, atabwera pa Khirisimasi anamubweretsera kilt, chija amavala amuna a ku Scotland cha mizeremizere chofika m'maondo. Anamupatsa zonse, masokosi ataliatali, kachikwama kolendewera kutsogolo ndi jekete lakuda lalifupi la mabatani owala. Mwanayu wangoti ine suti ayi ndivala za malume basi.

Anakafunsa kwa aphunzitsi a kalasi yake anangoseka nkumutumiza kwa ahedi, ahedi akuti pano mwamuna savala siketi, akadzabwera choncho adzabwerera pageti. Mwana wakwiya dzulo nsima sanadye. Malume ake pa WhatsApp akuti pitani mukawauze kuti chimenecho nchovala chaulemu kuposa suti, koma iwo akuyankhula ali kutali eti. Mayi ake ali kumudzi ku Santhe akuti zachibwana izo mugulireni suti pa kaunjika. Ine ndili pakati. Ndipite kusukulu kukakambirana kapena ndingomuuza mwana aiwale? Ndalama ya suti nayonso siyochepa pomwe chovala chili m'nyumba kale.

MfanaWaChinkhoma

Kkkkkk anti pepani ndaseka kaye. Funso langa ndi limodzi, kusukuluko apita bwanji? Ngati ndi pa kabaza akhala chammbali kapena atang'adza? Nanga akadutsa pa depoti anyamata oitanira aja amusiya? Koma mfanayo ali ndi mtima ine ndamupatsa ulemu, ife pa graduweshoni yathu tonse tinabwereka majekete a madala athu, manja ake ofika ku zala, pachithunzi timaoneka ngati tikukapempha ngongole ku banki.

Gama_wa_Mtunthama

Achemwali, ine ndinakhalako ku Edinburgh pa maphunziro ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa. Mlongo wanuyo sakunama. Kumeneko kilt nchovala cha mwamuna pa zochitika zikuluzikulu, pa ukwati mkwati ndi operekeza ake amavala zomwezo, pa graduweshoni ya ku yunivesite anyamata ambiri amakalandira digiri atavala kilt, ngakhale pa phwando lotsanzikana la ku sekondale amavala ndipo palibe amacheuka. Ambiri sagula nkomwe amachita kubwereka kusitolo nkulipira chifukwa yeniyeni ndi yodula zedi. Mfumu Charles ikapita ku nyumba yake ya ku Balmoral ku Scotland komweko imavala, asilikali a Royal Regiment of Scotland pa perete amavalanso.

Ndipo ikakhala yeniyeni mukangoinyamula m'manja mudziwa kuti si siketi ya pa kaunjika. Nsalu yake ndi ya ubweya wa nkhosa, yolemera, chovala chimodzi chimadya mayadi pafupifupi 8 chifukwa kumbuyo konse amachita kupindapinda nkusoka, kutsogolo kokha ndiye kumakhala kosalala. Imamangidwa ndi timalamba tachikopa m'mbali ndipo imathera pa bondo penipeni, ikatsika kwambiri eni ake amakuseka. Matumba ilibe nchifukwa chake pali kachikwama kaja, amakatcha sporran, ndimo mumalowa foni ndi makiyi. Mizere ija amati tartan ndipo mafuko ambiri ali ndi yawoyawo, a Campbell yawo a MacDonald yawo, munthu wodziwa akangoona amadziwa kuti uyu ngwa kwakuti. Jekete lomwe mwalongosolalo ngati lili lalifupi kutsogolo, mabatani asiliva, likhoza kukhala lomwe amati Prince Charlie, ndiye lapamwamba penipeni limenelo, amavalira kabotayi.

China chomwe ahediwo mwina sanamvepo, chovala chimenechi chinaletsedwapo ndi boma. Mu 1746 boma la Britain litagonjetsa anthu a kumapiri a Scotland pa nkhondo ya ku Culloden linakhazikitsa lamulo loti asamavalenso, kupatula omwe ali m'gulu la asilikali a boma, ndipo lamulolo linadzachotsedwa mu 1782. Ndiye munthu wa kumeneko ukamuuza kuti wavala siketi nkhope imasintha. Ine ndikuti pitani mukakambirane, mwana sanalakwe chilichonse.

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wanga Nachisale, zonse zomwe anena a Gama nzoona koma mverani ndi mbali inayi, ine choko ndachigwira mpaka kupuma ndiye ndikudziwa chomwe chili m'mutu mwa ahedi. Iwo sakuganiza za Scotland ayi. Akuganiza za tsikulo, kutsogolo kwakhala abusa, mafumu, a komiti ya makolo, mlendo wolemekezeka, kenaka dzina laitanidwa mnyamata akudzuka maondo ali pamtunda, holo yonse kuseka ndi makhuweru, mwambo waima. Akuganizanso za chaka chamawa, akalola uyu wina adzabwera ndi chake nkumati nanga uja munamulola bwanji. Kalata inanena suti ndi tayi, sinanene kuti chovala chaulemu cha mtundu uliwonse, ndiye pa lamulo lokha iwo ali bwino.

Za ubale wathu ndi Scotland palibe angatsutse. Livingstone anabadwira ku Blantyre ya kumeneko mu 1813 ndipo mishoni ya 1876 inatenga dzina lomwelo, Dr Laws wa ku Livingstonia nayenso anali wa ku Scotland. Kamuzu mwana wa kuno ku Kasungu anaphunzira udokotala ku Edinburgh, anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Koma atatsika ndege mu 1958 ife tinamudziwa ndi suti ya thiripisi, chipewa ndi litchowa, ndipo kuyambira pamenepo m'mitu mwathu ulemu wa mwamuna ndi jekete ndi tayi basi, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo munthu thukuta kamukamu koma tayi ili pakhosi.

Sindikuti malamulo a zovala sasintha. Inu achinyamata simukudziwa kuti kuyambira 1973 kunali lamulo la boma loletsa amayi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi, linachoka mu 1993, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali amametedwa, ngakhale mzungu wongofika pa bwalo la ndege. Lero aphunzitsi aakazi akuvala mathalauza m'tauni palibe amawagwira. Ana achi Rasta nawo amabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi mpaka khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti aziloledwa. Koma taonani kusiyana, apo nkhani inali chipembedzo ndi ufulu wa mwana wophunzira. Wanuyu palibe akumuletsa kulowa m'kalasi kapena kulemba mayeso, ndi phwando la tsiku limodzi, ndiye musapite ndi mawu a ufulu ngati mukupita kukhoti mungowauma mtima.

Mupite nokha, mwana atsale. Chovalacho muchiike m'chikwama chonse ndi jekete lake, mukawaonetse mu ofesi achigwire okha, mutengenso zithunzi za malume ake atavala pa ukwati ngati zilipo. Mukapemphe, osalamula. Akakana za mwambo wa m'mawa mukafunse za madzulo nthawi ya disiko alendo atapita. Chomwe musayerekeze nkumutumiza atavala kale pa tsikulo kuti akaonere konko, abwezedwadi ndipo manyazi ake adzalowa nawo m'chipinda cha mayeso.

NaJere_Mchinji

Agogo mwayankhula bwino koma ine pali pomwe pakundiwawa. Kwathu kuno ku Mchinji kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ndife Angoni, February aliyense anthu amaoloka pa Mwami kupita ku Ncwala ku Mtenguleni kufupi ndi Chipata, amuna akuluakulu a ndevu zawo atavala zibiya, miyendo pamtunda, chishango m'manja, alipo amene anayerekeza kunena kuti avala siketi? Ansembe amavala mkanjo, mashehe amavala mkanjo, palibe amaseka. Ndiye nkhani yoti mwamuna ndi thalauza basi inachokera kuti, suti yomweyo inabwera ndi azungu omwewo. Koma ndikutsimikiza mwana wanga atati avale zibiya pa graduweshoni nayenso angamubweze nkumuuza kuti udikire tsiku la zachikhalidwe, ngati kuti zathuzi nzovinira basi sizingakhale zaulemu. Mu 2016 boma linauza ogwira ntchito zake kuti Lachisanu azivala zosokedwa konkuno, malaya a chitenje analowa m'maofesi, koma m'makalata a sukulu mpaka lero ndi suti ndi tayi.

Komanso anti ndikufunseni, mwanayo akufuna kilt chifukwa chani kwenikweni? Iye ndi Mchewa wa ku Santhe, ku Scotland sanapondeko. Ngati nkufuna kusangalatsa malume ake ndamva, malume ndi mwini mbumba, komanso mwina ndi omwe akulipira fizi. Koma ngati nkungofuna kutchuka pa TikTok ndiye ina. Eni akewo sakhumudwa munthu wa mtundu wina akavala mizere ya fuko lawo?

Gama_wa_Mtunthama

A NaJere za kukhumudwa musade nkhawa, ine ndinaona amwenye, aku Nigeria, a kwathu konkuno atavala pa maukwati ndipo eni ake amasangalala, palinso ma tartan ena monga Black Watch omwe aliyense amavala. Koma achemwali ndinaiwala chinthu chimodzi chofunika, funsani ngati malume anaphatikizamo kampeni kakang'ono kolowetsa m'sokosi, amakatcha sgian dubh. Ngati kalipo kasiyeni m'nyumba osapita nako ku ofesi ya ahedi, nkhani ithera pomwepo. Ndipo zija amanena anthu zoti mkati savala kanthu zisiyeni, mwana avale kabudula wamkati wakuda, Juni ku Kasungu kuno mphepo yake mukuidziwa.

Mayi_wa_atatu

Ine ndiyankhula ngati kholo, mundikhululukire a Gama. Za Culloden ndi Mfumu Charles mwana wa Fomu 2 yemwe ali ndi foni kumbuyo kwa holo sakuzidziwa ndipo sazifuna, iye ajambula basi, pofika madzulo vidiyo ili m'magulu onse a WhatsApp mpaka ku Chamama ndi ku Nkhamenya ndi mawu oti onani mwamuna wavala siketi, ndipo mukudziwa zomwe anthu kuno amayamba kunena akangoona choncho, dzina lomwe angamupatse tsiku limenelo lidzamutsatira mpaka ku koleji. Mwaiwala January 2012 mavenda akuvula amayi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu chifukwa cha thalauza, lamulo litachoka kalekale? Pepala limasintha msanga koma anthu a pamsika ayi. Mwana watsala milungu yochepa kulemba mayeso mutu wake ukhale pa Bayoloje osati pa kuyankha zonyoza.

Ndipo ahediwo ngati akukhwimitsa akhwimitse kwa onse, chifukwa zomwe ndimaona ine pageti amayeza atsikana okha, uyu ng'ambo yakwera uyu msana uli pamtunda, pomwe anyamata akulowa ndi thalauza lothina lothera pa akakolo opanda masokosi nkumati ndi suti.

MfanaWaChinkhoma

Mayi apo mwalasa kkkk. Koma musamuopseze kwambiri mfanayo, ma Fomu 4 a masiku ano akhoza kumuimbira m'manja nkumapempha kujambulitsa naye. Bola apite pa galimoto osati wapansi.

Nachisale_KU

Zikomo nonse, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Ndinapita monga ananenera agogo aphunzitsi, ndekha, chovala m'chikwama. Kampeni kanalipodi a Gama, kanali mkati mwa sporran, ndakabisa pamwamba pa kabati. Ahedi poyamba nkhope inali yomanga koma nditaitulutsa kilt ija anainyamula nkuti ii kulemera chonchi, anaitembenuza kuona kumbuyo, anaitana ndi achiwiri awo kuti adzaone kasokedwe. Anandiuza chilungamo kuti iwo amaganiza kuti mwana watola siketi ya akazi pa kaunjika kuti achite chipongwe.

Komabe pa mwambo wa m'mawa akana ndithu, akuti kalata inapita kale kwa makolo onse sangasinthire munthu mmodzi. Jekete lija alilola, avale ndi thalauza lakuda ndi kabotayi, ndiye ine ndapulumuka pa suti ndingogula thalauza. Za madzulo akuti alankhula kaye ndi apampando a komiti ya makolo andiyankha Lachisanu, ndipo akalola akavalire konko m'kalasi osati kuyenda nayo mumsewu. Mwana sanasangalale kwenikweni akuti chithunzi cholandira satifiketi ndi chomwe amafuna kutumizira malume ake, koma nsima wadya. A NaJere funso lanu ndinamufunsa, akuti malume ake anavala yomweyo tsiku lomwe anamaliza maphunziro awo kumeneko.

Tsopano vuto lina, yakhala mu sutikesi kuyambira Disembala ndiye ikununkha chinyezi komanso mopinda muja mwakhwinyata. Ndiichape ndi safu m'beseni?

Gama_wa_Mtunthama

Ayi ayi achemwali osaiviika m'madzi chonde, ubweya umafupika ndipo mopinda monse muja muphwasuka, telala wa pa msika sangabwezeretse. Ipachikeni pamthunzi podutsa mphepo masiku angapo fungo lichoka lokha. Posita muyale kansalu konyowa pamwamba nkumangodinda ndi ayironi mzere umodziumodzi osakhwekhwereza, ndipo ngati ndi ya makala muonetsetse kuti sikugwetsa phulusa.