Makhadi a Ozzie Albies: ndabwera kudzathokoza

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati n'zotheka kusonkhanitsa mitundu yonse ya khadi la wosewera baseball Ozzie Albies la 2018 Topps Chrome (gulu la makhadi a kampani ya Topps), lomwe ndi khadi lake la rookie, kutanthauza la wosewera watsopano, mu timu ya Atlanta Braves. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha, makamaka achimwene amene munati ndiyambe ndi mitundu yomwe inasindikizidwa yambiri.

Ndinatsatira malangizowo. Panopa ndili ndi lapepo, la buluu ndi lobiriwira. Nambala yodindidwa pa khadi ndiyo imanena zonse: apepo alipo 299, a buluu 150, obiriwira 99. Lagolide, lomwe alipo 50 okha, ndikulisungira ndalama pang'onopang'ono. Lofiira alipo 5, ndipo la mtundu wotchedwa SuperFractor ndi limodzi lokha padziko lonse. Amenewo ndawasiya kaye, ngakhale mtima umawafunabe.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi kuona mitengo imene makhadi anagulidwadi pa eBay, msika wa pa intaneti, osati imene ogulitsa akutchula. Musanalipire, pemphaninso chithunzi cha kumbuyo kwa khadi kuti muone nambala ija. Wogulitsa wina ankati lake ndi la buluu, koma kunali kuwala kwa nyali chabe, nambala panalibe.

Ndimawasunga m'timapulasitiki tofewa, kenako m'zolimba zija za toploader, kutali ndi dzuwa kuti asasuluke.