Tikaike kuti makina oumbira mabuloko?

Amalume: Moni nonse. Ndalama zimene tinasonkha zakwana kugulira makina oumbira mabuloko ndi osakanizira konkireti, ndipo chatsala n'kugwirizana za malo. Ine ndikuti tigule malo kumene kulibe woumba wina, kuti tisamalimbirane makasitomala.

Mayi aang'ono: Achimwene, kumene kulibe woumba nthawi zambiri kumakhala kulibenso womanga. Makontirakitala, amisiri, ogulitsa simenti ndi eni malole amaunjikana dera limodzi chifukwa aliyense amadyera mwa mnzake, ndipo womanga safuna kuyenda mtunda wautali kukasaka mabuloko pamene zitsulo ndi mchenga wazipeza pafupi.

Mzime: Ndikugwirizana ndi mayi aang'ono, ndipo ndiwonjezepo za kulemera kwa katundu. Buloko ndi lolemera koma mtengo wake ndi wochepa, choncho mukalinyamula ulendo wautali phindu lonse limathera mafuta a lole. Konkireti ndiye savomera n'komwe, chifukwa akasakanizidwa amafunika kuthiridwa pasanathe pafupifupi ola limodzi ndi theka.

Amalume: Ndamva, mphwanga. Ndiye tigule malo pakati pa anzathuwo?

Achimwene aakulu: Pepani amalume, pa mawu oti kugulawo m'pamene mtima wanga sukukhazikika. Ntchito yomanga imasamuka. Germany ya kum'mawa ndi ya kumadzulo zitalumikizana kukhala dziko limodzi mu 1990, makampani anathamangira ku Berlin ndi kum'mawa kwa dzikolo, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ntchito inali itayamba kale kuchepa, ndipo ambiri anatseka. Ku Spain anamanga nyumba mopitirira muyeso mpaka chuma chinagwa mu 2008, nyumba zambiri n'kutsala zosamaliza, amisiri n'kukhala manja lende. Amene anali atakwirira ndalama zawo pogula malo ndi amene analira kwambiri.

Mayi aang'ono: Komatu si konse kumene ntchito imazilala msanga. Shenzhen, mzinda wa ku China, inayamba kukula mu 1980 ndipo yamangidwa kwa zaka makumi angapo, chifukwa kunabwera mafakitale ndi anthu okhazikika. Abuja nayonso inapitiriza kukula boma la Nigeria litasamukirako kuchoka ku Lagos mu 1991. Tifufuze chimene chikukokera omanga kudera limene tikuliganizira, ngati ndi msewu umodzi umene udzatha, kapena anthu amene akubwera kudzakhala.

Achimwene aakulu: Zoonadi amayi, koma kuti zimenezo zidziwike pamafunika nthawi. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tiyambe ndi lendi ya zaka ziwiri, ndipo makina tisankhe otheka kukwezedwa pa lole.

Amalume: Za lendi sizikundisangalatsa kwenikweni, popeza mwini malo akhoza kukweza mtengo akaona kuti zikutiyendera, koma ndalola. Mzime, upite Loweruka ukaone dera limene tikuliganiziralo, ukawerenge nyumba zimene zili pa maziko, osati zofoleredwa kale, ndipo ukafunse kumene omanga amatenga mchenga ndi kwale.

Mzime: Ndikatero amalume, ndipo ndikafunsanso ngati madzi ndi magetsi sizivutavuta. Zithunzi ndidzakutumizirani Lamlungu madzulo.