Lonjezo la pa maliro a ambuya: tipita liti, titenga chiyani

Gulu la banja la pa foni, Lolemba madzulo

Atsibweni: Mwaswera bwanji nonse. Pa maliro a atate chaka chatha ndinaimirira pamaso pa mpingo wathu wa Angilikani kumudzi, kum'mawa kwa Zambia, n'kunena kuti ife a ku Lusaka tidzabweranso ndi kanthu ka tchalitchi. Pakamwa panali panga, koma lonjezo ndi la tonse. Chaka chikukwana mwezi wamawa. Nkhani ndi ziwiri: titenga chiyani, tipita liti.

Mphatso: Zikomo atsibweni. Ine ndinaganiza kale. Tigule kibodi, sipika yaikulu, maikolofoni awiri, sola ndi batire lake. Zonse zili ku msika wa Kamwala kuno ku Lusaka. Tsiku likhale 18 Okutobala. Chaka chino likugwa Lamlungu, ndipo poti ndi tsiku la mapemphero a dziko lonse, tchuthi chidzapita Lolemba. Palibe wokapempha chilolezo kuntchito.

Tiyamike: Kibodi ndavomera ndi manja awiri! Kwaya ya kumudzi ili ndi mawu, ingosowa zida.

Atate a Chisomo: Mkamwini alibe mawu, ali ndi galimoto basi. Muzingondiuza ola lonyamukira.

Amake Chisomo: Inu khalani chete, galimotoyo matayala ake ndi opempherera. Koma tisathamange, akulu kumudzi sanayankhe. Netiweki amakaipezera pa chulu cha kuseri kwa khola, ndipo usiku sapitako.

Lachiwiri m'mawa

Amayi aakulu: Mwadzuka bwanji ana anga ndi alongo anga. Akundilembera ndi mdzukulu, ine maso. Ndamva zonse. Mphatso mwana wanga, mtima wako ndi wabwino, koma imva kaye mmene tikhalira kuno. Ansembe athu ali ndi matchalitchi ambiri, kwathu amafika kamodzi pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, mvula ikagwa ndiye kuposa apo. Masabata ena onsewo tili ndi akatekisiti. Ndiwo atsogolera mapemphero a m'mawa, kuwerenga Mawu, kulalikira, kuphunzitsa ana a kalasi ya ubatizo ndi ya chilimbikitso. Misa sachita, Mgonero timadikira ansembe. Maliro akagwa mudzi uliwonse mwa midzi isanu yozungulira, ndiwo aitanidwa. Munthuyo ndi mlimi wa thonje ngati ife tomwe, ndipo amayenda pansi. Njinga yawo inathyoka pakati chaka chija cha njala. Sabata yatha anachoka m'bandakucha kukaika maliro tsidya la Lupande, anabwera nyenyezi zitatuluka, mapazi atatupa ngati mikate.

Amayi aakulu: Za sipika, tinali nayo. Anatipatsa munthu wina wofuna mavoti. Inalira masabata atatu. Batire lake linasanduka lotchajira mafoni a mudzi wonse, kenaka linafa. Lero sipikayo ndi mpando wa mwana wogwira mbale ya chopereka.

Atate a Chisomo: Ndiye kuti ikugwirabe ntchito ya Mulungu.

Amake Chisomo: Ndinati khalani chete.

Mphatso: Amayi aakulu ndamva, koma njinga ndi ya munthu mmodzi. Ife tinalonjeza mpingo. Mawa akatekisitiwo akasamuka kapena akasiya, chikumbutso cha ambuya chapita nawo. Komanso kunena zoona, banja lonse kuchoka ku Lusaka kukapereka njinga imodzi, anthu adzati chiyani?

Atsibweni: Funso loyambalo ndi lomveka. Lachiwirilo lisiye. Amene adzanena ndi amene sanayendepo wapansi mu Okutobala m'chigwa cha kwathu chija. Njinga idzalembedwa m'buku la katundu wa tchalitchi, akulu a mpingo ndiwo adzaisunga m'manja, aliyense wokhala katekisiti ndiye aziyendera. Atate ankachita choncho ndi nyale ija ya palafini, sinali yawo ngakhale inkagona kunyumba kwathu.

Dalitso: Ine ndifunse, musandiseke. Ndinakafika kumudzi kawiri kokha, ulendo wonse pa maliro. Ambuya ankachita chiyani kwenikweni kutchalitchi? Ndimangomva kuti anali a belu.

Amake Chisomo: Belu wake ukumuganizira ngati wa ku Cathedral of the Holy Cross, tchalitchi chachikulu cha ku Lusaka? Ndi limu ya gudumu la lole, yomangidwa ndi waya pa nthambi ya bwemba. Atate ankaimenya ndi chibaluti chachikulu chomwe ankachibisa pa denga, kuopa ife ana. Belu loyamba dzuwa likangotuluka, kuti a midzi yakutali ayambe kusamba. Lachiwiri anthu ali m'njira. Lachitatu ndiye kulowa. Wotchi analibe, ankayang'ana mthunzi wa bwemba ukafika pa mwala wina wake. Ukachedwa, sankakukalipira. Ankangokuyang'ana uku akupukuta chibaluticho ndi mpango, iwe wekha n'kumva kutentha kumaso. Maliro akagwa ankamenya mosiyana, kamodzi, kudikira, kamodzi. Uli kumunda unkadziwa kuti khasu liikidwe pansi.

Amayi aakulu: Ndipo Loweruka madzulo ndiwo ankatsegula kuti ife amayi tizire pansi ndi kusesa pabwalo. Mpaka lero ndi momwemo. Lachinayi ndi la Mothers' Union, bungwe la amayi a mpingo, timavala zoyera ndi zabuluu, tikatha mapemphero timapita kwa odwala ndi nkhuni, madzi ndi kaufa. Lachisanu kwaya. Lamlungu abambo mbali yawo pa mabenchi a njerwa, ife mbali yathu pa mphasa. Chopereka si ndalama zokha ayi. Wina mazira atatu okulunga m'makoko a chimanga, wina mbale ya nsawawa, nthawi ya masika nkhuku ndi matumba. Tikatuluka zimagulitsidwa pansi pa bwemba pomwepo, ndalama n'kulowa m'buku. Ndi zimenezo timagulira vinyo ndi makandulo, ndi kutumiza gawo lathu ku parishi.

Tiyamike: Koma amayi aakulu, kwaya ikuimba ndi chiyani tsopano?

Amayi aakulu: Ng'oma ziwiri ndi visekese. Yaikulu chikopa chinang'ambika, anamata ndi phula. Mabuku a nyimbo atsala anayi, enawo chiswe. La atate lija analisokerera chikuto cha chitenje ndi limene akatekisiti akugwiritsa, masamba a Masalimo akuchoka okha.

Tiyamike: Aaa. Ine ndabwerera pa kibodi. Mphatso usandide.

Mphatso: Mwandigulitsa msanga bwanji.

Lachiwiri chakumadzulo

Atsibweni: Tsopano za tsiku. Mphatso wasankha bwino osadziwa chifukwa chake. 18 Okutobala ndi tsiku la Luka Woyera, ndipo tchalitchi chachikulu cha ku Msoro ndi cha Luka Woyera. Chiyambire 1995 pamene dayosizi ya Eastern Zambia inakhazikitsidwa, mpando wa bishopu uli pamenepo, kumudzi, osati ku Chipata. Tsiku limenelo akhristu a matchalitchi ang'onoang'ono amapita ku Msoro. Tikafika kwathu pa 18 tidzapeza chitseko chotseka ndi mbuzi pakhonde.

Dalitso: Bwanji tchalitchi chachikulu anachiika kutchire choncho?

Atsibweni: Pakamwa apo, kwanu ndi kumeneko. Mpingo unayambira komweko. Bishopu woyamba wa Northern Rhodesia, John Hine, anabwera mu 1910, wa mishoni ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa), omwe aja a ku Likoma. Amene anatsegula Msoro sanali mzungu. Anali wansembe wachikuda, Leonard Kamungu, wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota. Anagwira ntchito zaka zochepa chabe, anamwalira mu 1913 komweko. Ndiye chifukwa chake pakati pa Akunda mapemphero ndi nyimbo zinafika m'Chinyanja cha kunyanja. Agogo athu obereka atate anabwera m'mapazi a anthu amenewo kudzaphunzitsa sukulu, n'kukwatira komweko. Atate ankati aphunzitsi a nthawi imeneyo ankayenda ndi buku m'thumba ndi mphasa pamutu. Ndikamva za akatekisiti otupa mapazi ndimakumbuka zimenezo.

Amayi aakulu: Alongo mwanena zoona. Koma pali china. Amayi akhala akundivutitsa kuti afuna kukalandira Mgonero ku Msoro kamodzi asanatsatire amuna awo. Ansembe akabwera amawabweretsera kunyumba, amayamika, koma akuti afuna kumva fungo la lubani ndi kuona ana otumikira paguwa atavala zofiira. Yunifolomu yawo ya Mothers' Union anandichapitsa kale, ili m'sutikesi. Pa ngolo ya ng'ombe sangathe, msana. Ngati galimoto ya alamu ibwera pa 18, ndiye mwayi wawo.

Atate a Chisomo: Apongozi anga akwera kutsogolo. Matayala ndisintha, mwamva amake Chisomo, ndalemba pagulu kuti pakhale mboni.

Amake Chisomo: Ndasunga uthengawu.

Mphatso: Ngati ndi za ambuya aakazi, ine ndilibenso mawu. Ndiye njingayo idalitsidwe ku Msoro komweko ikatha Misa, Lolemba m'mawa tikaipereke kwathu tisananyamuke.

Amayi aakulu: Zili bwino, ndikauza akulu a mpingo alankhule ndi ansembe. Koma mtima wanga ukanakonda ana awa adzaone Lamlungu wamba. Ku Msoro mudzaona chikondwerero, anthu ambirimbiri, makwaya kupikisana. Kwathu tsiku lopanda ansembe timakhala mwina makumi anayi, ana ndiwo ochuluka, nkhuku kulowa n'kutuluka. Atate anatumikira zimenezo zaka zonse zija. Dalitso akafuna kudziwa ambuya ake adzakhale pa benchi ya njerwa tsiku lotero.

Atsibweni: Ine ndinapuma ntchito, palibe chondimanga. Nditsogola. Ndikwera basi pa siteshoni ya Intercity Lachisanu pa 9, nditsikira pa Katete, za kuchoka apo ndidzaona. Pa 11 ndidzapemphera kwathu. Amene ali womasuka atsagane nane.

Dalitso: Ine mayeso ndimaliza pa 8. Ndipita nanu atsibweni, bola tikiti.

Atsibweni: Tikiti ndi yanga, katundu ndi wako kunyamula.

Tiyamike: Dalitso tenga chipewa ndi mankhwala a udzudzu. Okutobala wa kuchigwa si wa ku Kalingalinga. Ine ndinagona panja masiku onse a maliro.

Lachitatu masana

Amake Chisomo: Ndalama tsopano, poti apa ndi pamene gulu limakhala zii. Njinga ikhale ya Buffalo, ija yolimba kumbuyo, inyamula munthu ndi thumba. Pakhale pampu, machubu awiri apadera ndi zigamba, minga ya kumeneko simasewera. Zikatsala, mabuku a nyimbo ndi a mapemphero a Chinyanja, ndi chikopa cha ng'oma. Ogwira ntchito K600 aliyense, ophunzira chimene angathe. Tumizani pa Airtel Money kapena MoMo yanga, muonjezere ya kachotsedwe, musandidyetse ngongole ngati pa ukwati uja. Tsiku lomaliza 30 Sepitembala.

Mphatso: Ine ndiika K1,500. Ina ija ndinasungira kibodi. Koma ndipemphe chimodzi, pa chitsulo cha njinga palembedwe dzina la ambuya ndi la tchalitchi, ndi penti yoyera.

Atsibweni: Chimenecho chabwino, chithandizanso ikabedwa.

Tiyamike: K600 yanga ibwera ndikalandira chilimba, ndalama zathu zosonkherana, pa 25. Mabuku ndikafunsa ku ofesi ya parishi yathu Lamlungu, ngati kulibe a Chinyanja kuno tidzagula kum'mawa komweko. Chikopa musagule ku Lusaka, n'kutaya ndalama.

Amayi aakulu: Chikopa chisakuvuteni. Mbuzi ya alendo tikapha pa 17, chikopa chake ndi cha ng'oma yaing'ono. Yaikulu ifuna cha ng'ombe, ndalankhula kale ndi wopha nyama pa msika. Inu mubwere ndi shuga, mchere, mafuta ophikira ndi masamba a tiyi, chifukwa Lolemba mpingo wonse udzafika pakhomo ndipo sungabwerere ndi njala. Ufa ulipo. Thobwa ndiyamba Lachinayi.

Atate a Chisomo: Funso la woyendetsa. Tili asanu m'galimoto, shuga, mafuta, zikwama za amake Chisomo zomwe ndi zitatu pa ulendo wa masiku awiri. Njinga ikhala pati?

Amake Chisomo: Ziwiri.

Mphatso: Igulidwe ku Chipata kapena ku Katete, atsibweni akatsogola adzaitenge.

Atsibweni: Iyayi, ndalama ikafika m'thumba mwanga kumudzi idzatha ndi mavuto a anthu ndisanaone njinga. Igulidwe kuno, ndidzaikweza pansi pa basi, Dalitso adzaiyang'anira pa Luangwa Bridge ndi pa Nyimba anthu akamatsitsa katundu. Inu a pa 17 munyamuke 4 koloko m'mawa. Mukadutsa mapiri a Manenekela kusanatenthe, pa Katete mudzafika masana, msewu wafumbi uja muuyende kukuwala.

Dalitso: Nanga kuchoka pa Katete njingayo ipita bwanji?

Atate a Chisomo: Ili ndi mapedulo, mwana wanga.

Dalitso: Atsibweni, akunena zoona?

Atsibweni: Tidzapeza kanta, kalole konyamula thonje. Ikasowa tidzakambirana pomwepo.

Amayi aakulu: Mdzukulu akuti foni yatsala pang'ono kuzima, ndipo pa chulu pano dzuwa. Amayi akuti muwagulire nsapato zakuda zansalu, nambala 5, zakale zinadyedwa ndi makoswe. Akuti zisakhale za zingwe.

Amake Chisomo: Ndikazitenga ku Kamwala Loweruka. Mphatso K1,500 yako yalowa. Enanu ndikudikira.