Mapu a magule ndi nyimbo zamakono: tijambule bwanji?

Mphunzitsi wa ku Mponela

Moni nonse. Ndikukonzera ophunzira a Fomu 3 ntchito yojambula mapu awiri: ena oonetsa kumene kumavinidwa magule a makolo, ena oonetsa mmene nyimbo zamakono zimafalira m'dziko muno. Njira yachidule ndi yopaka boma lililonse utoto wake: Dowa Gule Wamkulu, Mzimba ingoma, Mulanje tchopa, Mangochi beni. Koma Dedza yokha muli Achewa, Angoni ndi Ayao, nanga tipakamo utoto uti? Chinanso, mganda ndi malipenga tiziike mbali iti, poti ovina amavala ngati asilikali koma aliyense amati ndi magule a makolo? Amene mukuzidziwa bwino tithandizeni.

Nachisale

Aphunzitsi, njira yopaka utotoyo isiyeni. Malire a maboma 28 aja anaikidwa kuti athandize kulamulira ndi kutolera msonkho, gule sawadziwa. Mukapaka Dowa yonse utoto wa Gule Wamkulu mwafafaniza Angoni a kwa Chiwere ndi kwa Msakambewa. Mukatero ku Dedza mwataya Angoni a kwa Kachindamoto ndi Ayao a kwa Tambala. Choipa kwambiri, mwana adzaganiza kuti gule amathera pa malire a Mchinji, chonsecho Achewa a ku Chipata, Chadiza ndi Katete ku Zambia, ndi a m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amavina gule yemweyo. Mwambo wa Kulamba umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, ndipo UNESCO itazindikira Gule Wamkulu mu 2005 inamulemba ngati wa maiko atatu onsewa.

Chitani chonchi. Pezani mapu oyambira okhala ndi malire a mafumu aakulu, ma T/A, osati a maboma okha, ndipo akhale otambalala kufika Lundazi, Petauke, Tete ndi Milange. Pamwamba pake muziyalapo mapepala oonekera atatu, lililonse ntchito yake.

Pepala loyamba ndi la maulendo a anthu, lojambulidwa ndi mivi. Gule wa makolo amayenda ndi mapazi: amafika kumene eni ake asamukira, ndipo amatenga mibadwo kuti asunthe. Muvi wa Angoni a Zwangendaba uchokere kummwera, uoloke Zambezi mu 1835, ukafike ku Ufipa ku Tanzania, kenako ugawikane: wina kwa M'mbelwa ku Mzimba, wina kwa Mpezeni ku Chipata ndi Mchinji. Angoni a Maseko akhale ndi muvi wawo wothera ku Ntcheu, Dedza ndi Angonia. Ayao achokere kum'mawa kwa nyanja kulowa Mangochi, Machinga ndi Zomba cha m'ma 1860. Alhomwe achokere ku Mozambique kulowa Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Mukatha apa, ingoma, manganje ndi tchopa zidziikira zokha malo.

Pepala lachiwiri ndi la timadontho. Dontho limodzi likhale mudzi kapena gulu limodzi lomwe limavinadi guleyo pa mwambo wake. Utoto ukhale wa gule, osati wa mtundu wa anthu, chifukwa ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse. Angoni a ku Ntcheu amalankhula Chichewa, a ku Mzimba Chitumbuka, koma chishango ndi chibonga sanazitaye. Vimbuza ndi wa Atumbuka a ku Rumphi ndi Mzimba, koma ku Mzimba komweko mudzi umodzi ungakhale ndi dontho la vimbuza ndi la ingoma. Timadontho timalola zimenezi, utoto sulola.

Pepala lachitatu anthu ambiri amaliiwala: malo amene anafinya gule. Ikanipo mishoni za Mvera (1889), Nkhoma (1896) ndi Mua (1902), komanso Nkhotakota kumene Chisilamu chinakhazikika nthawi ya Jumbe. Mukaliyala pamwamba pa timadontho ta Gule Wamkulu, ana aone ngati timadontho tikuchepa pafupi ndi malo amenewa, afotokoze chifukwa. Mua ndi yodabwitsa pang'ono: mishoni imene kale inkalimbana ndi gule ndi yomwe lero ikusunga nkhope zambirimbiri za gule ku Kungoni, malo amene anayambitsidwa ndi bambo Claude Boucher mu 1976.

Pofunsa, mudzi uliwonse ana afunse anthu atatu: amfumu kapena nduna yawo, mayi wachikulire, ndi wachinyamata. Mafunso akhale asanu okha: gule wanji, amavinidwa pa chochitika chanji, mwezi uti, anabwera ndi ndani, ndipo anavinidwa liti komaliza. Funso lomalizali ndilo limapulumutsa mapu. Achikulire amatchula magule amene anasiya kalekale ngati kuti akuvinidwabe, ndiye amene papita zaka zisanu osavinidwa mumuike dontho lopanda utoto mkati.

Chimbizgani

Zonse zomwe anena a Nachisale ndikugwirizana nazo, koma mapepala atatu sakwana, chifukwa funso lachiwiri la aphunzitsi silinayankhidwe. Beni, mganda ndi malipenga sizinabwere ndi kusamuka kwa mtundu uliwonse. Mukazifuna pa pepala la mivi lija simuzipeza.

Gwero lake ndi beni wa m'matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere, Lamu ndi Mombasa ku Kenya, cha m'ma 1890, pamene achinyamata ankatsanzira ma bandi a asilikali. Kuno anafala kwambiri itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndi asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la atsamunda) ndi amtengatenga obwerera kwawo, komanso anthu a pa ulendo wa ntchito. Ndiye kuti pa nthawi yake inali fashoni ya anyamata, yofala msanga, yodumpha malire a mitundu, monga mmene amapiano achitira masiku ano. Itafika malo aliwonse inavala za kumeneko. Kwa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba inakhalabe beni. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay, komanso ku Likoma, ku Rumphi ndi ku Karonga, inakhala malipenga. Ku Nkhotakota, Kasungu, Ntchisi, Dowa, Salima ndi Lilongwe ndi mganda. Ku migodi ya ku Copperbelt mbale wake ndi kalela.

Umboni uli m'guleyo mwini. Gulu limatchedwa boma, lili ndi maudindo monga kingi, kapitawo, dokotala ndi nesi, ovina amaima m'mizere, zovala ndi kabudula woyera, masokosi aatali ndi tayi, ndipo kuli ng'oma yaikulu yoomba ndi mtengo, likhweru ndi mabadza a zikho amene amalowa m'malo mwa malipenga a mkuwa. Palibe mizimu, palibe chinamwali. Cholinga ndi mpikisano wa ukhondo ndi masitepe pakati pa midzi, nthawi yokolola itatha.

Choncho pangani pepala lachinayi la njira: nyanja ndi madoko ake (Karonga, Nkhata Bay, Likoma, Nkhotakota, Chipoka, Monkey Bay), Zomba monga malo a asilikali, ndi njira za ku migodi. Timadontho ta magule atatuwa muziike pamenepo. Phunziro lake n'lakuti chamakono cha agogo ndicho chamakolo cha adzukulu, ndipo mwana amene wamvetsa zimenezi wamvetsa mutu wonse. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kulemba kuti mganda ndi wa Achewa, malipenga ndi a Atonga, basi, ngati kuti anabwera nawo kuchokera ku Uluba, ku Congo.

Wa pa Wenela

Ndiyankhe za mapu achiwiri, a nyimbo zamakono. Apa timadontho ta midzi sitigwira ntchito, chifukwa nyimbo yatsopano siyenda mudzi ndi mudzi. Imadumpha: Johannesburg, Lagos kapena Dar es Salaam, kenako Blantyre ndi Lilongwe, kenako Mzuzu, Zomba ndi ma boma, kenako ma trading centre a pa msewu wa tala, pomaliza mudzi. Mudzi umene uli makilomita 20 kuchokera mu Lilongwe koma kopanda magetsi ungamve nyimbo mochedwa kuposa Karonga. Ndiye jambulani mabwalo osiyana kukula molingana ndi kukula kwa tauni, muwalumikize ndi mizere yotsata M1 ndi zipata za Songwe, Mchinji, Dedza, Mwanza ndi Muloza. Chipata chilichonse chili ndi katundu wake: za ku Tanzania zimamveka kwambiri ku Karonga, sungura ya ku Zimbabwe ndi za ku Joni zimalowera ku Mwanza ndi Dedza, za ku Zambia ku Mchinji.

Pambali pa mapu lembani mzere wa zaka woonetsa chonyamulira, chifukwa ndicho chimasintha liwiro. M'ma 1940 wailesi ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja mpaka kuno, ndipo mu 1949 kunatuluka kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya. M'ma 1950 anthu ochokera ku migodi anabwera ndi magalamafoni, magitala ndi kwela, imene abale a Kachamba a ku Chileka anaiumba kukhala yawoyawo. MBC inayamba mu 1964 ndipo kwa zaka 30 inali yokha, kotero dziko lonse linkamva nyimbo zofanana zosankhidwa ku Blantyre. Pambuyo pa 1994 kunabwera mawailesi ena ndi makaseti, TVM mu 1999, Zodiak mu 2005, kenako memori khadi, WhatsApp ndi TikTok.

Musaphunzitse ana kuti zonse zimatsika kuchokera mumzinda waukulu. Balaka ndi tauni yaing'ono, koma chifukwa cha Alleluya Band imene inayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika, ndi situdiyo imene inadzatsegulidwa kumeneko, m'ma 1990 inali likulu la nyimbo za dziko lino. Chileka nayo yatulutsa reggae yakeyake. Malo awiriwa muwaike chizindikiro cha nyenyezi, mivi ikutuluka osati kulowa.

Manambala mungawapeze mosavuta. Sankhani malo atatu: pa boma, pa trading centre, ndi kamsika ka kumudzi. Ana apite kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni, afunse nyimbo khumi zimene zikufunidwa kwambiri sabata imeneyo, alembe chinenero, dziko kapena tauni ya woimba, ndi kumene mnyamatayo anaitenga. Abwerezenso pakatha miyezi itatu. Kusiyana kwa mindandanda isanu ndi umodziyo ndiko kudzaonetse mbali imene nyimbo zikuchokera ndi nthawi imene zikutenga. Osadalira chiwerengero cha pa YouTube chokha: kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi, ndipo kumeneko nyimbo zambiri zimayenda pa Bluetooth ndi memori khadi, zomwe intaneti siiwerenga. Osafunsanso mu Disembala mokha, chifukwa obwera kutchuthi kuchokera ku Joni ndi m'tauni amasokoneza mndandanda.

Mphunzitsi wa ku Mponela

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Katsala kamodzi. Ana ena adzabwera ndi zoti pa sukulu ina ya pulayimale kuno amavina tchopa, ena anaona ingoma pa msonkhano wa ndale. Timadontho timeneti tiike? Ndipo za Gule Wamkulu, ana osalowa angafunse mpaka pati?

Nachisale

Ikani, koma ndi chizindikiro china, monga kamtanda. Gule wovinidwa pa mwambo wake ndi wovinidwa pa chionetsero ndi zinthu ziwiri. Kuyambira nthawi ya Kamuzu, misonkhano, zikondwerero za 6 Julayi, mipikisano ya sukulu ndi wailesi zakhala zikunyamula magule kupita nawo kumene kulibe eni ake. Tchopa wa pa sukulu nthawi zambiri amatha mphunzitsi amene ankamuphunzitsa akasamutsidwa. Chimodzimodzi zikondwerero za pachaka: Umthetho pa phiri la Hora ku Mzimba, Gonapamuhanya ku Bolero, Mulhako wa Alhomwe pa Chonde ku Mulanje. Kumeneko kumasonkhana magulu ochokera kutali, ndiye funsani gulu lililonse kumene lachokera, dontho likaikidwe kwawoko osati pa bwalo la chikondwerero. Vimbuza wa pa chionetsero asiyanitsidwenso ndi wa kwa sing'anga, amene ndi wochiza ndipo amachitika usiku.

Koma dontho lakutali silikhala la chionetsero nthawi zonse. Gule Wamkulu alipo m'mafamu, m'migodi ndi m'makomboni a ku Zimbabwe, kumene amati zvigure, ndipo ndi weniweni: anapita ndi anthu a kuno ndi a ku Zambia ndi Mozambique amene anakagwira ntchito n'kukhazikika. Ameneyo ndi dontho lodzaza, ndi muvi wake pa pepala loyamba.

Mbewe wa kwa Kalumbu

Za gule ndiyankhe ine, aphunzitsi. Chimene muwerenge ndi mizinda, kutanthauza mafumu amene ali ndi chilolezo chokhala ndi bwalo la gule. Si mudzi uliwonse wa Achewa uli ndi mzinda, ndipo midzi ingapo imatha kudalira mzinda umodzi, ndiye mukawerenga midzi muchulukitsa timadontho. Mndandanda wake ukapezeka kwa gulupu kapena kwa T/A. Muyambe mwapita nokha kukaonekera kwa amfumu ndi kalata ya sukulu, ana abwere tsiku lina.

Ana afunse zapoyera zokha: mzinda ulipo kapena ayi, gule amatuluka pa zochitika ziti (maliro, mpalo, chinamwali, kulonga ufumu), ndi miyezi iti. Dambwe, malo obisika a gule, lisaikidwe pa mapu, asafunse kumene lili, ndipo asayandikire kumanda kapena kulowa m'njira imene yaikidwa zizindikiro. Asafunse kuti wavina ndani, asajambule chithunzi amfumu asanalole. Akakumana ndi gule panjira apatuke, ngati ali pa njinga atsike, ndipo akhale ndi kandalama kochepa m'thumba koponya pansi. Mwana amene makolo ake sakufuna chifukwa cha mpingo musamukakamize, mpatseni mbali ya nyimbo zamakono.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Julayi mpaka Okutobala, anthu atakolola. Mukatuma ana mu Januwale kapena Febuluwale adzapeza aliyense ali kumunda, mabwalo atamera udzu, n'kubwera ndi lipoti loti gule anatha. Musaiwalenso Amang'anja a ku Chikwawa ndi Nsanje: nawo ali ndi gule, ndipo mapu ambiri a m'kalasi amawasiya chifukwa choganiza kuti kumunsi kwa Shire kuli utse, likhuba ndi valimba za Asena zokha.