Nkhunda ndi mpheta zandilanda shedi, nditani abale?

mlimi_wa_Bembeke

Moni nonse. Ine ndili ku Bembeke kuno ku Dedza, kuseli kwa nyumba ndili ndi kashedi ka njerwa zootcha kofolera malata, ndimasungamo chimanga, soya, nyemba ndi mbewu ya kachewere pathandala. Vuto langa ndi mbalame. Nkhunda za malume anga, tinayandikana nyumba, zasiya khola lawo zayamba kumagona pamitanda ya shedi yangayi, dzuwa likangopendeka zonse zalowa, m'mawa ndikatsegula matumba onse ali mbuu ndi zitosi, njinga nde osanena. Kuwonjezera apo timpheta tamanga zisa m'mipata ya pakati pa khoma ndi malata, udzu ndi nthenga zimangogwera pambewu.

Ndayesa kupachika ma CD akale, majumbo, tepi ya kaseti, mpaka ndinaimika chidole ndikuchiveka jekete langa. Poyamba zinkaopa koma pano zimachita kutera pamutu pa chidolecho. Wina wandiuza kuti ndingosakaniza tameki ndi gaga nkhani ithe, koma mtima ukukana, nkhundazo ndi za malume ndipo pakhomo pano pali nkhuku ndi ana. Ndiye ngati izi sizikukwana, kadzidzi naye wayamba kumalira padenga lomwelo usiku, mayi akunyumba akuti tulo sakupeza. Amene munathana nazo zoterezi ndithandizeni.

Mmisiri wa pa Kampepuza

Achimwene, zoopsezazo siyani, mukungotaya nthawi. Mbalame imaopa chinthu chachilendo, ikaona kuti chinthucho chili pompo dzulo ndi lero ndipo sichinaipange kanthu basi yazolowera. CD, chidole, jumbo, zonsezo zimagwira kanthawi kochepa, mwina m'munda wa mawere pomwe mukungofuna kudikira kuti mukolole, osati mu shedi yomwe ili pomwepo chaka chonse.

Nkhani ndi yotseka polowera. Lowani mu shedimo masana dzuwa lili pamutu, mutseke chitseko, muyang'ane paliponse pomwe kuwala kukulowa, pamenepo ndi pakhomo pa mbalame. Ndikudziwa kale kuti amene anakumangirani sanapange beam filling, kutseka mpata wa pakati pa khoma ndi malata kuja, anthu ambiri shedi ndi kitchini timangokhoma malata n'kusiya choncho poti ati si nyumba yogona. Pakati pa khoma ndi malata, pamsonga pomwe malata amakumana, mawindo opanda magalasi, ma vent osweka, komanso pansi ndi pamwamba pa chitseko, onani monsemo.

Koma poti mwati mumasungamo mbewu ya kachewere musatseke ndi njerwa ponseponse ayi. Mbewu imeneyo imafuna mpweya uziyenda komanso kakuwala pang'ono kuti itulutse timphukira tatifupi tolimba, mukaitsekera mumdima imatulutsa zazitali zoyera zija zosachedwa kuthyoka, ndipo kukatentha imaola. Nde mbali ina tsekani ndi zidutswa za njerwa ndi matope olo kasimenti pang'ono, mbali ina ikani waya. Pogula waya samalani, wa nkhuku wa mabowo a 1 inchi nkhunda sizidutsa koma timpheta tina timapanikizika n'kulowa, funsani wa hafu inchi. Ngati ndalama ilipo gulani wolimba uja wa mabowo a folokona, ameneyo ndi khoswe yemwe amamulephera. Pokhoma musangobaya misomali pawaya, umang'ambika, panikizani ndi kathabwa kapena lamba wa tayala n'kukhomera pamwamba pake.

Ngati mbali imodzi ya shedi ndi yotsegula ngati chigafa, moti kutseka konse sikutheka, nde limbanani ndi pogona pake. Nkhunda imafuna malo afulati oti ikhazikike. Khomani thabwa kapena chidutswa cha lata mopendeketsa pamwamba pa mtanda, kupendekeka kwa madigiri 45 kapena kuposa, ikatera imangotsetsereka. Kapena kungani waya wa nkhuku kunsi kwa mitanda yonse ngati siling'i kuti zisafikeko n'komwe. Ena amamanga neti ya udzudzu yakutha, imathandiza koma siikhalitsa, ndipo ikakhala yolendewera mbalame zimakodwamo n'kufera momwemo, fungo lake mudzadana nalo. Neti yabwinobwino isiyeni ana azigonamo.

Chinanso musatseke usiku zili mkati. Dikirani m'mawa zituluke, muone m'zisa ngati mulibe ana, muchotse zisazo kenako mutseke tsiku lomwelo. Ndipo musachedwe, zitosi za nkhunda zimadya malata, dzimbiri limayambira pomwe zaunjikana.

Kamnyamata ka pa Tsangano

Kkkkk akulu inu ndiwo zikuchita kukutsatani m'nyumba inu mukudandaula? Tsekani chitseko usiku, tochi m'manja, mawa nsima ya nkhunda yootcha. Komanso paja akuluakulu amati nkhunda zimathawa pakhomo pomwe pali mikangano, nde musanagule waya kafunseni kaye malumewo ngati zinthu zili bwino ndi azakhali

mlimi_wa_Bembeke

Iwe usandiike m'mavuto kkkk. Mbalame ikatera pauta silasika, amenewo ndi eni mbumba, ndikadya nkhunda imodzi nkhani ikafika kwa amfumu dzuwa lisanalowe. Legeni nayo ndinawaletsa ana, anandiboolera kale lata limodzi.

Nachisale wa pa Lizulu

Bambo a ku Bembeke, za tamekizo chonde iwalani, amene wakuuzaniyo sakukufunirani zabwino. Poizoni ameneyo sasankha. Nkhunda ikadya siifera pomwepo nthawi zonse, ina imakagwera kuseli kwa nyumba ya eni ake, galu watola, mphaka watola, kapena mwana waitola kukaotcha, mawa tili pamaliro. Nkhuku zanu nazo gagayo zidzatola. Ndipo mukuthira poizoni m'chipinda chomwe muli chakudya cha banja lonse, ayi ndithu.

Zomwe anena a mmisiriwo ndi zoona koma ine ndiwonjezere mbali ya chakudya. Mbalame sizikubwera chifukwa cha mitanda yokha, zikupezamo zodya. Thumba limodzi likabooledwa ndi khoswe chimanga chimangowaza pansi, soya naye akamapetedwa pakhomo pa shedi zotsalira zimakhala pompo, madeya tikabwera kuchigayo timangoika mu beseni osavindikira. Ine ndimaweta nkhuku zamazira ndipo mpheta zinkadzaza m'khola chifukwa chakudya ndinkasiya tsiku lonse, pano ndimapatsa chokwana kudya n'kumaliza, chotsala chili mu ndowa yotseka, mpheta zinachepa zokha. Sesani tsiku lililonse, matumba akhale pathandala osagunda khoma, obooka musoke kapena musinthe. Ngati mungakwanitse matumba a PICS aja a mapulasitiki awiri mkati ndi abwino, chimanga chouma bwino chimakhala osathira mankhwala ndipo zitosi sizifika pa chakudya, bola osawaboola. Pamwamba mutha kufunditsa lona kapena pepala lapulasitiki pomwe mukudikira kugula waya.

Tsopano posesa zitosizo. Musasese zouma fumbi lili kobo ayi. Wazani kaye madzi, mumange kansalu kapena masiki pamphuno, mukokolole ndi fosholo, mukamaliza musambe m'manja ndi sopo. Mu zitosi zouma za nkhunda mumatha kukhala tizilombo tomwe munthu akapumira timayambitsa matenda oumitsa khosi, makamaka kwa amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, nde ngati pakhomo pali wodwaladwala ntchito imeneyi asagwire ndi iye, ana aang'ono nawonso atalikire. Zitosizo musataye, ndi manyowa amphamvu kwambiri, koma ziyambe zaolerana ndi zinyalala pa kompositi, mukathira zaziwisi pa kabichi kapena tomato zimaotcha.

Zisa zakale muotche, zimasunga utitiri ndipo utitiri umenewo ukasowa mbalame umasamukira ku nkhuku ngakhale kwa anthu. Makoma mupake laimu ngati alipo. Komanso nkhunda zoyendayenda zimatha kubweretsa chitopa, nde nkhuku zanu zilandire katemera wa I-2 wodontheza m'diso uja, katatu pa chaka, alangizi a ziweto a kwanuko akuuzani nthawi yake. Ngati mumatunga madzi a mvula a padenga limenelo, akhale ochapira basi.

Wankhunda ku Linthipe

Ine ndiyankhulireko nkhunda poti nonse mwaziweruza kale. Ndaweta nkhunda kuyambira ndili mnyamata ndipo nkhunda siisiya khola lake popanda chifukwa, imakonda kwawo kuposa chiweto china chilichonse, mukaigulitsa pafupi imabwerera. Nde ngati za malume anu zasamuka ndiye kuti kukholako kuli vuto. Kawirikawiri ndi utitiri, kapena makoswe ndi mphaka zikukwera usiku kudya maunda, kapena denga likudontha, apo ayi zaswana zachuluka ndipo timazenera tachepa, zazimuna zikulimbirana. Ndi kuzizira kwa ku Bembeke mu June ndi July khola likakhala loyang'ana kumphepo, shedi yanu ya njerwa ndi yofunda, mukuganiza zisankha kuti?

Mukangotseka shedi osakonza kwa malume zidzasamukira pa khonde panu kapena mu kitchini, vuto lomwelo. Pitani mukakhale nawo pansi, osati mokalipa, muwauze kuti malume ziweto zanu zikutayika tiyeni tikonze khola. Muphwasule zisa zakale, muwaze phulusa, ena timaikamo masamba a fodya ouma m'zisa, mizati ya khola muikulunge ndi lata losalala kuti khoswe ndi mphaka aziterereka, muwonjezere zipinda. Akatero azitsekere m'kholamo kwa kanthawi akuzipatsa chakudya ndi madzi pompo, makamaka madzulo, zizolowerenso. Nthawi yomweyo inu mukutseka kwanu.

Ndipo fulumirani chifukwa nkhunda imaikira mazira awiri, imafungatira masiku ngati 18, pakatha mwezi maunda auluka, ndipo isanamalize kulera imakhala yaikiranso ena. Obadwira mu shedi mwanuwo kwawo ndi mmenemo, khola la malume sakulidziwa, amenewo ndi amene adzakuvuteni kwambiri. Mukapeza maunda pamtanda atengeni mukapereke kwa eni ake, adye kapena alere, zili kwa iwo.

Kenako muonetsetse bwino tomwe mukuti timphetato. Ngati chisa ndi cha udzu ndi nthenga chofwirikizidwa mumpata, inde chotsani. Koma ngati ndi chamatope chomata kukhoma kapena kumtanda ameneyo ndi namzeze, sadya chimanga chanu olo njere imodzi, amadya tizilombo touluka. Ameneyo ingokhomani kathabwa kunsi kwa chisa kolandira zitosi, ana akauluka nde mutseke.

Mmisiri wa pa Kampepuza

Ndinaiwala za kadzidzi. Mayiwo ndawamvetsa, tonse tinakula tikumva kuti akalira padenga ndiye kuti kuli maliro kapena wina wamutuma. Koma taganizani, shedi muli chimanga chotayikira pansi, makoswe adzaza, kadzidzi chakudya chake ndi makoswe ndi mbewa, usiku umodzi amadya zingapo. Watsata ndiwo zake basi. Ine ndinakhalako ku Johannesburg pa ganyu ya zomangamanga, ku Alexandra anthu ena anachita kukhoma mabokosi m'masukulu kuti akadzidzi azikhalamo azigwira makoswe, ngakhale kumenekonso ambiri ankawaopa chimodzimodzi ngati kwathu kuno. Musamuphe, ndipo ichi ndi chifukwa china chosathirira poizoni, akadya khoswe wa poizoni nayenso amafa. Makoswe akachepa adzapita yekha kukasaka kwina. Chokhacho onani kuti sanaikire mkati musanatseke.

Nachisale wa pa Lizulu

A mmisiri zonsezo ndamva ndipo sindikutsutsa, koma kunena zoona atalira padenga panga usiku ine ndingadzutse nyumba yonse tiyambe mapemphero kkkk. Mayi anzangawo musawaseke, auzeni bwinobwino, ndipo ngati pali mtengo kapena mlongoti womwe amakonda kuterapo pafupi ndi windo la kuchipinda sadzani nthambi imeneyo azikalirira patali.

Wankhunda ku Linthipe

Kadzidzi kwa ife a nkhunda si mnzathu kwenikweni, akapeza khola la mazenera aakulu amatha kulowa n'kutenga maunda, mwinanso n'chimene chathamangitsa za malumewo. Mazenera a khola akhale ongokwana nkhunda, ndipo kakhale kachitseko kotseka usiku.

mlimi_wa_Bembeke

Zikomo kwambiri nonse, wawa. Ndalowa masana monga munanenera a mmisiri, aaa kuwala kuli ponseponse, mbali ya kumtunda mpata wake mkono umachita kulowa wonse. Pamtanda ndapeza zisa za nkhunda, china muli maunda, ndipo pakona pali chamatope chija nde chimenecho ndachisiya. Malume ndakamba nawo, poyamba amati nkhunda ndi mbalame sizimangidwa chingwe, koma nditatchula kuti mwina makoswe akudya maunda anapita okha kukasuzumira, apeza utitiri uli nyekhunyekhu. Agwirizana nazo zokonza khola Loweruka, lata lokulunga mizati akuti ndipereke ine, chabwino. Za kadzidzi kunyumba kuno sizinathe, mayi akuti a mmisiriwo abwere adzagone kuno usiku umodzi kenako tikambirane.

Funso lomaliza, pansi pa chitseko pali mpata waukulu ndithu chifukwa thabwa linaola, ndisinthe chitseko chonse kapena pali njira yachidule? Ndalama yatsala ya waya yokha, feteleza naye akudikira.

Mmisiri wa pa Kampepuza

Osasintha. Dulani poolapo, mukhome thabwa lina, kenako mupinde chidutswa cha lata chikute kunsi konseko mbali zonse ziwiri, mpata wotsala usalowe chala. Mukayeza shediyo munditumizire mamita ake ndikuwerengereni waya, ogulitsa ena amakonda kuwonjezera dala. Zodzagona kumeneko auzeni mayi kuti ndilibe bulangete lokwana kuzizira kwa ku Bembeke.