Mapalafuzo akupsa nsonga pa madre, mvula ili pakhomo

Wa ku Ulónguè: Amisiri anzanga, ndithandizeni msanga. Ndikukhoma denga la armazém, nyumba yosungiramo chimanga ndi soya. Malata ndi IBR, a misana aja, okhuthala 0.5mm, pansi pake lã de vidro (ubweya wagalasi wotchinga kutentha) ya 50mm ndi foyilo. Vuto ndi madre, mitanda yokhomapo malata. Patrão anawotcheretsa cantoneira, chitsulo cha ngodya, ya 5mm m'malo mwa madre opyapyala aja. Mapalafuzo odziboolera okha a 65mm akupsa nsonga, akungovina pamwamba pa chitsulo, ena akuduka mitu. Olowawo sakugwira, ukakankha lata likusewera. Bokosi lathera pansi, kumwamba kwayamba kale kuda cha ku Dómuè. Nditani?

Mestre wa ku Moatize: Mphwanga, palafuzo wakoyo si wa chitsulo chimenecho. Nsonga yake ndi yaifupi, mazinga amayamba kuluma bowo lisanatuluke kuseri, ndiye mutu uduka basi. Funa a nsonga yaitali, nambala 5, a mazinga oyandikana. Amaboola mpaka 12mm. Utalinso werenga bwino: msana wa IBR ndi 37, uwonjezere ubweya wofinyikawo, 5 ya cantoneira, nsonga yonse ituluke pansi pamodzi ndi mazinga atatu. 65 sangakwane. Tenga 85 kapena 90.

Mdala wa Magantcho: Ana inu mumavutika dala. Cantoneira imafuna magantcho, mabawuti a mbedza aja. Kukoleka pansi, nati pamwamba, nkhani yatha.

Wa ku Ulónguè: Akulu, gantcho idutsa bwanji pa foyilo osaing'amba?

Wa ku Zóbuè: Ing'ambadi, ndipo foyilo ikang'ambika thukuta la denga limalowa mu ubweya. June wa ku Angónia mukumudziwa, m'mawa malata amachita kudontha okha. Ubweya ukanyowa umachedwa kuuma, lata limadyeka dzimbiri kuchokera pansi inu mukuona pamwamba pakuwala. Chinanso achimwene, musakhome ndi impact, makina omanga momenya aja. Berbequim (makina oboolera) yothamanga kwambiri ndi imene ikukuwotcherani nsonga. Tsitsani liwiro, dinani mowongoka. Ubweya umakulunganso pa mazinga, mukamva kulemera tulutsani muchotse.

Mdala wa Magantcho: Gantcho safuna berbequim yodula.

Wa ku Matundo: Nkhani ya denga imandikumbutsa namondwe Ana, January 2022, mlatho wa Revúbuè utaduka. Anatiitana kukaona shedi ina imene mphepo inaisenda kuyambira pangodya. Mapalafuzo anali abwinobwino, koma mmisiri wake anadumphadumpha misana kumphepete pofuna kusunga bokosi, ndipo polumikizana malata m'mbali sanasoke n'komwe. Malata tinakawatola m'munda mwa anthu, mayi wina akufuna timulipire chimanga chake. Kumphepete ndi pamtanda wapamwamba musaumire, khomani msana uliwonse.

Mdala wa Magantcho: Nthawi ya Ana yomweyo madenga anga onse anaima. Pitani mukaone.

Mestre wa ku Moatize: Mdala, madenga anu aja mulibe ubweya pakati, tisasakanize nkhani. Nati ya gantcho imamasuka ubweya ukamaphwa, ndipo ndani adzakwere kukamanga chaka ndi chaka? Iwe wa ku Ulónguè, chenjeranso ndi mapalafuzo onyezimira a m'matumba opanda dzina aja. Kuno fumbi la malasha likakumana ndi mvula, mitu imafiira msanga, denga lonse mizere ya dzimbiri. Funsa a Class 3, mlingo wa kupirira dzimbiri, ukapeza Class 4 ndi bwino koposa. Kamphira ka pansi pa mutu wa palafuzo kakhale ka EPDM, mphira yopirira dzuwa. Twakuda totchipa tija dzuwa la October limatiphika, ukatikhudza timangofumbutuka m'zala.

Wa ku Zóbuè: Ndipo musamange mpaka kamphira katuluke m'mbali. Pa ubweya anthu amanyengeka, amaona ngati sipanagwire n'kumangofinya, msana wa lata n'kubonyoka, madzi n'kumaima pomwepo. Lata liyenera kupeza mpata. La mamita 12 likatentha ndi madigiri 40 limatalika pafupifupi 6mm, ndiye mabowo amakula okha. Mukamaweruka sesani tizitsulo toboola tija, tikagona pa denga usiku umodzi wa mame timasiya madontho ofiira, patrão n'kunena kuti mwamugulira malata akale.

Wa ku Ulónguè: A nambala 5 kuno kuma ferragem, masitolo a zomangira, sindinawaone. Ndikayamba ndaboola ndi broca, kachitsulo koboolera, a 90 wamba sangalowe?

Mestre wa ku Moatize: Alowa, koma broca ikakula pang'ono chabe mazinga sagwira kanthu, ikachepa mitu idukanso. Yesa kaye pa chidutswa cha cantoneira pansi, uzule ndi pulayala uone. Osayesera pa denga la mwini.

Mdala wa Magantcho: Mukamaliza kuyesa kwanuko mundiuze, magantcho ndili nawo thumba lathunthu.

Wa ku Matundo: Tisanabalalike, alipo akubwera ku Tete ndi galimoto yaitali sabata ino? Ndili ndi malata a mamita 9 ofunika kupita ku Furancungo, amene ndinagwirizana naye foni sakuyankha.